Msomali wa Nthaka

Kuno kumtunda kwa mtsinje wa Bahau
dzuwa limafika pansi ngati makobidi otayika,
limodzi apa, lina uko,
ndipo mtengo wa pasak bumi umatola omwewo
n'kukhala moyo.

Mlendo angaudutse osauona.
Thunthu lake n'lowonda ngati nkhafi, lopanda nthambi,
masamba onse anathawira kumutu
n'kutambasuka ngati ambulera yakale.
Pamwamba pake mitengo ya meranti ikulimbana ndi mitambo,
iwo uli duu pamtsetse wamchenga
pamene madzi a mvula sagona.

Ukulu wake uli pansi.
Muzu umodzi wachikasu, woongoka,
wolowa ngati msomali wokhomedwa ndi munthu wokwiya.
Ine Jalong Usat ndaukumba zaka makumi awiri.
Umayamba mame asanaume,
umafika m'chiuno misundu itakhuta pa akakolo ako,
ukakoka, dziko limakokanso.

Kuwawa kwake ndulu imachepa.
Mwana wanga Ulau atatentha thupi ali ndi zaka zinayi
mayi ake anawiritsa tizibenthu titatu.
Analira, analavula, anandiluma chala,
koma tsiku lachitatu anapempha chinangwa.
Ndasemapo zikho: uthiremo madzi, udikire pang'ono,
madziwo atenga mkwiyo wa mtengo.
Amuna a ku Tarakan amaufunira zina,
zakuchipinda,
amafunsa mtengo wake akuyang'ana kumbali.
Pak Syahrul amabwera ndi boti la injini ndi sikelo,
sikeloyo sinanenepo kuti yakhuta.

Kale ndinkaupeza ndisanamalize ndudu imodzi.
Kenako ulendo wa tsiku. Kenako kugona kutchire.

Pachitunda cha mwala wong'ambika panatsala iwiri.
Wina unkabala tizipatso tobiriwira
tofiira tikamapsa, mbalame n'kumatola.
Winawo maluwa okhaokha chaka ndi chaka,
chipatso ayi.
Chaka chatha fizi itandigwira pakhosi
ndinayeza ndi maso, ndinati:
wosabalawu ndi umene upite.
Ndinabwerera kumudzi ndikudzitama kuti ndasiya mbewu.

Ulau wabwera patchuthi kuchokera ku Samarinda
kumene ndalama yomweyo ikumuphunzitsa za nkhalango.
Ndinamukweza chitunda kuti aone nzeru za bambo ake.
Mtengo wotsalawo unali utalendewera ngala za maluwa,
tofiirira, taubweya, tating'ono ngati mitu ya machesi,
ndipo pansi pake tina tambirimbiri tothothoka, touma.
Anatola kamodzi, anakang'amba ndi chikhadabo,
anayang'ana dzenje langa lodzala masamba ovunda.
Abambo, anatero, uja anali mwamuna wake.

Sindinayankhe.
Nyenje zinkacheka mpweya ngati macheka a kampani.
Zaka makumi awiri ndikudziwa muzu,
kulemera kwake, fungo lake, mtengo wake pakilo,
duwa sindinaliyang'anepo m'kati.

Usiku sindinagone.
Ndinawerenga m'mutu maenje onse amene ndinasiya,
ndinafika pa mazana awiri, ndinasokoneza, ndinayambanso.

Akuti kuseri kwa mathithi, masiku awiri wapansi,
kumene boti la Syahrul silikwera,
Ingan wosaka nguluwe anaonako itatu.
Kaya ndi yaimuna, kaya ili m'maluwa, iye sadziwa,
amayang'ana mapazi a nyama, osati mitu ya mitengo.
Ulau wandipatsa botolo louma ndi kanthenga ka nkhuku,
wandionetsa kawiri momwe ufa wa duwa amautengera.
Akuti mwina ufika wamoyo. Akuti mwina.

Mkazi wanga wamanga mpunga m'masamba.
Wandiona ndikunola chikwanje,
wandiona ndikufika pakhomo pamene khasu limatsamira,
dzanja langa litapita lokha pampini
monga lachitira zaka zonsezi.

Ndalibweza.
Khasu latsala pamenepo,
dothi la chaka chatha likadali pamlomo pake.